Piyano yamagetsi yomwe ochititsa hayala akuidikira

Nyengo ya maukwati ikafika, pali geni ina yomwe sioneka pa benchi la mumsika koma imadyetsa mabanja: kuchititsa hayala zida zoimbira. Mwini zida amapakira masipika, mikisa ndi kiyibodi m'mamawa, kukazitula ku holo kapena ku tchalitchi, madzulo n'kuwerenga zake. Pa katundu yenseyu, kiyibodi ili m'gulu la zodula kwambiri, komanso ndiyo imagwiridwa ndi manja ambiri. Ikafa pakati pa perekaniperekani, mwini ukwati sakumbukira kuti masipika amamveka bwino. Amangoti zida za uje n'zosadalirika, ndipo mbiriyo imafika kwa amene akukonza ukwati wa mwezi wamawa.

Chaka ndi chaka, makampani monga Yamaha, Roland, Korg ndi Casio a ku Japan amaonetsa zida zatsopano pa chionetsero cha NAMM ku Anaheim, m'dziko la America. Zotsatsa zawo zimatamanda kuchuluka kwa mawu ndi kukoma kwa kaliridwe. Woimba amakopeka nazo, koma amene anatulutsa mpamba ali ndi mafunso ena, ndipo opanga sanawayankhe onse m'chida chimodzi.

Ambiri kuno anazolowera makiyibodi a Yamaha PSR, omwe amakhala ndi makiyi 61 opepuka komanso masitayilo oimba okha ng'oma ndi besi, moti munthu mmodzi amamveka ngati bandi yonse. Piyano ya pasiteji ndi ina. Nthawi zambiri imakhala ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, olemerera ngati a piyano yeniyeni, ndipo ilibe masitayilo. Imafunidwa ndi mabandi, mahotela ndi matchalitchi omwe ali kale ndi woimba ng'oma. Amenewa ndi makasitomala olipirako bwino, n'chifukwa chake ochititsa hayala ena amailakalaka.

Chomwe akuchifuna koposa ndi chida chosaopa kuthima kwa magetsi. Mapiyano akuluakulu monga Yamaha CP88 yomwe inatuluka mu 2019, Roland RD-2000 ya mu 2017 ndi Nord Stage 4 yofiira ija ya ku Sweden ya mu 2023, onse amadalira magetsi a pakhoma. Akathima, nyimbo yathera pomwepo. Jenereta ikalira, chidacho chimayamba chadzuka kaye, ndipo ngati woimba sanasunge zomwe anatchera, amayambiranso kusakasaka mawu anthu akumuyang'ana.

Opanga ena anayesako. Casio PX-S1000 ya mu 2019 imatha kulira ndi mabatire 6 a AA, pomwe Yamaha CK61 ndi CK88 za mu 2023 zimalira ndi mabatire 8. Koma mabatire oterewa amatha pa maola ochepa chabe, ndipo mapemphero a usiku wonse sangafike nawo mbandakucha. Chofunika ndi batire la m'kati lotchajidwa, lolandira ntchito nthawi yomweyo magetsi akathima ngati mmene imachitira laputopu, komanso losinthika likatopa popanda kutumiza chida chonse kunja. Njira ina ndi yolola piyano kumwa moto wa pawabanki kudzera pa USB-C. Timakiyibodi tina tating'ono tayamba kale kutero. Akuluakulu aja akatsatira, wochititsa hayala wokhala ndi sola adzatha kulandira ntchito za kumudzi osasenza jenereta chifukwa cha kiyibodi yokha, ngakhale masipika adzafunabe moto wawo.

Pa nkhani ya moto yomweyi pali msampha wa adaputala. Zida zopepuka zambiri zimagwiritsa ntchito adaputala yakunja, yomwe imasowa kapena kusinthana ndi ya wina pa chipwirikiti chopakira usiku. Adaputala ya Yamaha PA-150 imatulutsa 12V, pomwe zida zing'onozing'ono zambiri za Roland zimafuna 9V ndipo moto wake umalowa mosemphana. Kulowetsa yolakwika chifukwa choti kamutu kakukwana kungathe kuotcha bolodi. Piyano yolandira chingwe wamba cha mabowo atatu, chofanana ndi cha kompyuta ya pa desiki, ndiyo yabwino pa geni, poti chingwecho chimapezeka mumsika uliwonse wa m'tauni.

Kulemera nako ndi ndalama. RD-2000 imalemera makilogalamu 21.7, pafupifupi theka la thumba la chimanga, ndipo m'litali imapitirira mamita 1.4. CP88 ndi makilogalamu 18.6. Ikalowa m'bokosi lolimba, munthu mmodzi sainyamula, pa kabaza sikwera, ndipo mu minibasi kondakitala amailipiritsa mpando wake. Roland RD-88 ya mu 2020 inatsika kufika pa 13.5, CK88 pa 13.1. Kupepukako kuli ndi mtengo wake, chifukwa pomwe panali chitsulo pamalowa pulasitiki, yemwe sapirira mabampu a msewu wafumbi. Ochititsa hayala angakondwe ndi chida chosapitirira makilogalamu 13 koma cha makona olimba ndi zogwirira m'mbali, zinthu zomwe n'zosowa pa mapiyano ambiri.

Vuto lomwe limadya phindu mwakachetechete ndi la kukonza. Pansi pa kiyi iliyonse pali kamphira komwe kamauza makina kuti chala chagunda mwamphamvu bwanji. Fumbi likalowa pamenepo, kiyi imayamba kulira mokuwa ngakhale itangokhudzidwa, kapena kungokhala duu. Mphemvu ndi nyerere nazo zimakonda kufunda kwa m'katimo. Kamphirako pakokha si kodula, koma pa zida zambiri mmisiri amayenera kumasula zomangira zambirimbiri kuti akafike, ndipo kupeza kolingana ndi mtundu wa chidacho kumafuna kuitanitsa kunja. Masabata akudikirawo ndi Loweruka zingapo zopanda ndalama. Piyano ya mawa ikanakhala ndi timphira tofanana pa mitundu ingapo, totsekeredwa bwino ku fumbi, komanso mabowo a majaki okhala pa kabolodi kawokawo kosinthika, amisiri okonza mawailesi ndi ma TV akanamaikonza tsiku limodzi. Majaki ndiwo amayamba kugwedera, chifukwa chingwe chimakokedwa ndi aliyense wodutsa.

Palinso za pamwamba pomwe woimba amagwira. M'matchalitchi ambiri, wotsogolera nyimbo amangoyamba pa kiyi yomwe yamubwerera pakhosi, ndipo woimba kiyibodi amamutsatira ndi batani la transpose. Batani limeneli likabisika m'kati mwa menyu, kasitomala amabweza chida n'kunena kuti n'chovuta. Liyenera kukhala poonekera, limodzi ndi nambala yowala yosonyeza pomwe lasiyidwa, kuti wobwera pambuyo asayambe nyimbo pa kiyi yolakwika. Mwini chida yekha amafuna china chomwe woimba sachiganizira: loko wa nambala yachinsinsi woletsa wobwereka kufufuta mawu osungidwa, ndi batani limodzi lobwezera zonse mmene zinalili chida chisanapite kwa kasitomala wotsatira.

Mabowo a XLR, omwe CP88 ndi RD-2000 ali nawo, amalola chingwe chachitali kufika ku mikisa popanda kulira kwa ng'ung'ung'u. Pa zida zotsikirapo mtengo sapezeka kawirikawiri, choncho mwini amagulanso kabokosi ka DI. Masipika a m'kati, monga a RD-88 ndi CK88, sangadzaze holo, koma amathandiza kwaya pokonzekera komanso poonetsa kasitomala kuti chida chikuchoka chili bwino.

Ena amalakalaka piyano ya makiyi 88 yokhalanso ndi ng'oma za kuno monga manganje, kuti chida chimodzi chigwire ntchito ziwiri. Maganizowa ndi omveka, koma kasitomala wofuna masitayilo amakhutira kale ndi PSR, ndipo salipira zambiri chifukwa choti makiyi ndi olemerera.

Zida zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri akuthamangira za kaunjika. Chida chatsopano chikalengezedwa, chakale chimatsikako mtengo kunjako, choncho wodikira miyezi ingapo NAMM ya mu Januwale itadutsa angapeze mwayi. Wogula ayenera kuwerenga kaye kachizindikiro ka kumbuyo. Magetsi a kuno ndi a 230V, a ku America ndi 120V, a ku Japan 100V. Chida kapena adaputala yolembedwa 100-240V ilibe vuto, koma yolembedwa 120V yokha imapsa ikangolumikizidwa popanda thiransifoma.

Asanapereke ndalama, wogula agunde kiyi iliyonse kawiri, pang'onopang'ono kenako mwamphamvu, akumvetsera ngati pali yokuwa kapena yosalankhula. Agwedeze chingwe chili m'jaki kuti amve ngati mawu akudukiza, ayese pedulo, kenako azimitse chidacho n'kuchiyatsanso, akuwerenga masekondi omwe chikutenga kuti chiyambe kulira.