Zolemba za a Profesa Chintu ndi Septrin wa pa kiliniki yathu

Aliyense amene anakhalapo pa benchi ya kiliniki ya ku Linda m'mamawa, khadi la mwana lili m'manja, alidziwa dzina la Septrin. Ndi mankhwala ochipa amene anamwino amapereka kwa makanda obadwa kwa amai amene ali ndi kadoyo ka HIV, ndiponso kwa ana amene anapezeka nako kale. Timalandira, timathokoza, n'kubwerera kunyumba. Koma ndi angati mwa ife amene anafunsapo kuti, kodi anatsimikiza ndani kuti mankhwalawa amacinjiriza mwana ku imfa?

Yankho lake lili m'dziko lathu lomwe lino. Umboniwo unapezeka pa cipatala cacikulu ca UTH ku Lusaka, ndipo dzina loyamba pa pepala limene linaulengeza ku dziko lonse ndi la malemu Profesa Chifumbe Chintu, dokotala wa ana amene anatisiya mu 2017. Ambiri a ife sitinawaonepo, ndipo mapepala ao a Cingelezi cozama sitidzawawerenga. Komabe nchito yao imatipeza pa benchi paja.

Wofufuza amadziwika ndi zolemba zake

A Chintu anaphunzira udokotala ku Toronto m'dziko la Canada, nabwerera kwao kudzagwira nchito pa UTH ndi kuphunzitsa pa sukulu ya madokotala ya University of Zambia. Luso lao linali pa matenda a magazi ndi khansa mwa ana. Madokotala ambiri amene amatipima lero anadutsa m'manja mwao, kapena m'manja mwa ophunzira ao.

Mlimi timamudziwa ndi nkhokwe yake. Wofufuza za matenda amadziwika ndi zolemba zake. Akapeza cinthu catsopano amacilemba, akatswiri anzake amacisanthula ngati cili coona, ndipo cikavomerezeka cimasindikizidwa m'magazini ya madokotala. Pambuyo pake ofufuza ena amachula pepalalo m'zolemba zao. Zili ngati mbeu yabwino imene anansi amabwera kudzapempha: ikacoka pa munda umodzi n'kufika m'minda yambiri, mwini wake amachuka. Zolemba za a Chintu zinayenda motero, makamaka pa nkhani ziwiri: matenda amene mwana amatengera kwa makolo kudzera m'magazi, ndi citetezo ca m'thupi.

Matenda a kumtundu

Tiyambe ndi sickle cell. Pa mzere wathu kapena mu mphakati wathu sipalephera kupezeka mwana amene amadwaladwala: mafupa kuwawa kwambiri, manja ndi mapazi kutupa, maso acikasu, magazi kucepa kawirikawiri. Tizigawo tofiira ta magazi ake, m'malo mokhala tobulungira, timapindika ngati zenga lomwetera udzu, ndipo timatsekereza timitsempha ting'onoting'ono. Ululu umacokera pamenepo.

Mwina simudziwa kuti njira imene matendawa amayendera m'banja inaululika ndi thandizo la mabanja a m'dziko lino. Mu 1946 dokotala wina wochedwa E. A. Beet, ali ku Balovale, kumene tsopano timati boma la Zambezi, kumtunda kwa mtsinje womwewu umene umagwa pa Mosi-oa-Tunya, anaona kuti anthu okhala ndi cizindikiro ca sickle cell m'magazi sanali kupezeka ndi tizilombo ta malungo kwambiri ngati anzao. Mu 1949 analemba za mabanja a Alala, kusonyeza kuti mwana amadwala pokhapokha atatengera cizindikiroco kwa atate ndi kwa amai omwe. Caka comweco James Neel wa ku America anapeza zofanana, ndipo mu 1954 Anthony Allison anatsimikiza ku East Africa kuti cizindikiro ca mbali imodzi cimateteza munthu ku malungo oopsa. N'cifukwa cake cizindikiroci cinaculuka m'maiko a udzudzu ngati lathu.

Alimi a ng'ombe a ku Kazungula ndi ku Mukuni sangavutike kumva izi. Thole limatengera ku nkhunzi ndi kwa make. Munthunso n'cimodzimodzi. Bambo ndi mai onse awiri akakhala ndi cizindikiro, angakhale athanzi, olima ndi kusenza katundu bwinobwino, koma pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi pa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. Sikuti mwa ana anayi m'modzi yekha ndiye adzadwala ai. Mimba iliyonse ili ndi maere akeake.

A Chintu anasamalira ana otere kwa zaka zambiri pa UTH. Mu 1994, pamodzi ndi dokotala mnzao U. H. Athale, anasindikiza kafukufuku wa zimene zinali kupha ana a sickle cell ogonekedwa m'cipatala. Nchito yowerenga imfa si yokoma, koma ndiyo imauza dokotala coyenera kucita msanga mwana wina akabwera thupi litatentha.

Ife nkhaniyi itikhudza m'nyumba zathu. Taonapo mai akunenedwa ndi apongozi kuti ndiye anabweretsa tsoka m'banja. Taonapo agogo akulozedwa cala kuti ndi mfiti, mbuzi ndi nkhuku zikuthera kwa ang'anga. Pamene zoona zake n'zakuti mwana anatengera mbali zonse ziwiri, kucimuna ndi kucikazi, ndipo palibe amene analakwa.

Pamene asilikali a m'thupi anagonja

M'zaka za m'ma 1980 m'mawodi a ana munalowa mdani wina. Kadoyo ka HIV kamapha tizigawo ta magazi timene anamwino amati CD4, ife timangoti asilikali a m'thupi. Asilikali akacepa, matenda amene thupi likanawagonjetsa lokha amalowa ngati ng'ombe m'dimba lopanda mpanda.

A Chintu anali m'gulu la oyamba kulemba mmene zimenezi zinali kuonekera mwa ana a mu Africa. Mu 1993 analemba za HIV mwa ana odwala TB, pamodzi ndi Profesa Alimuddin Zumla, mwana wobadwira ku Chipata amene ndi mphunzitsi wamkulu pa University College London. Mu 1995 anaonetsa kuti khansa yochedwa Kaposi's sarcoma, imene kale inali yosowa mwa ana, inaculuka kadoyoka katabwera.

Kenaka anafunsa funso lovuta: ana amene amafa ndi cifuwa, cimawapha ceniceni n'ciani? Kuti adziwe, panafunika kupima matupi a ana omwalira. Tonse tidziwa kulemera kwa pempho lotere pa maliro. Makolo ambiri, pafupifupi atatu mwa anayi alionse, anakana, ndipo sitingawadzudzule. Koma ena anavomera, misozi ili m'maso. Matupi a ana 264 anapimidwa, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2002 m'magazini yochuka ya ku Britain ya The Lancet. Zinaonetsa kuti ana ambiri anafa ndi matenda ocizika kapena opeweka: cibayo ca tizilombo wamba, TB, ndi cibayo cina cochedwa PCP cimene cimakonda makanda okhala ndi HIV. Makolo amene anavomera aja maina ao sadziwika, koma ana athu ali nao ngongole.

Kuyesa kwa Septrin

Septrin, amene madokotala amati co-trimoxazole, analipo kale m'mashelefu. Koma akatswiri ambiri anali kukaika ngati angathandize kuno, cifukwa tizilombo tambiri ta m'dziko lino tinali titamuzolowera. Kukangana pakamwa sikukanathetsa nkhani. Anafunika kuyesa, monga mmene mlimi amabzalira mbeu ziwiri m'mizere yoyandikana kuti aone yobereka.

Kuyambira mu 2001, a Chintu ndi anzao a pa UTH, mogwirizana ndi ofufuza a ku Britain otsogoleredwa ndi Profesa Diana Gibb, anatsatira ana 534 a zaka za pakati pa 1 ndi 14 okhala ndi HIV. Nthawi imeneyo ma ARV anali asanafike kwa ana a anthu wamba. Anawo anagawidwa pawiri mwa maere. Gulu lina linali kumwa Septrin tsiku lililonse, lina linali kumwa mankhwala ooneka cimodzimodzi koma opanda mphamvu. Ngakhale madokotala sanadziwe kuti mwana uyu ali m'gulu liti, kuopa kukondera.

Mu October 2003 komiti yoyang'anira inalangiza kuti kuyesako kuime nthawi isanakwane, pakuti kusiyana kunali kutaonekeratu. M'gulu la Septrin munamwalira ana 74, kapena kuti 28 pa 100 alionse. M'gulu linalo munamwalira ana 112, kapena kuti 42 pa 100 alionse. Kupitiriza kumana gulu linalo mankhwala kukanakhala kucimwa, motero ana onse otsala anayamba kulandira Septrin.

Pepala lake linatuluka mu The Lancet mu November 2004, ndipo mwezi womwewo mabungwe a WHO, UNICEF ndi UNAIDS analangiza maiko kuti ana okhala ndi HIV, ndi makanda obadwa kwa amai okhala nako, azipatsidwa mankhwalawa. Zimene zinapezeka m'wodi ya ku Lusaka zinasintha kacitidwe ka zipatala mu Africa monse ndi kupitirira. Boma litacotsa malipiro pa ma ARV mu 2005, Septrin sanataidwe. Mpaka lero amayenda limodzi ndi ma ARV.

Cotsalira ife

A Chintu anacita mbali yao. Koma pepala silingamwetse mwana mankhwala. Mai akalandira Septrin wa khanda lake, ammwetse tsiku ndi tsiku monga anenera anamwino, ngakhale mwana aoneke wonenepa ndi wosewera. Mankhwalawa ndi mpanda, ndipo mpanda timamanga ng'ombe zisanalowe. Tisamagawireko mnansi amene ali ndi cimfine, kapena kuthira m'madzi a nkhuku monga ena amacitira. Abambo nafenso tiziperekeza ku sikelo, makamaka nyengo ya dzinja pamene nchito ya kumunda imatiiwalitsa masiku a kucipatala.

Pa za sickle cell, m'caka ca 2021 dziko lathu linayamba kupima makanda ongobadwa kumene pa UTH ndi pa cipatala ca ana ca Arthur Davison ku Ndola. Mwana wodziwika msanga amatetezedwa ndi penicillin, katemera, neti ya udzudzu ndi madzi akumwa okwanira, ndipo alipo mankhwala ochedwa hydroxyurea amene amacepetsa ululu. Ngati mwana wanu ali ndi zizindikiro tachula zija, pemphani ku kiliniki kuti akutumizeni ku cipatala cacikulu ca muno mu Livingstone akamupime magazi.

Tipemphenso akatekisiti, alangizi ndi ankhoswe amene amaphunzitsa acinyamata okonzekera ukwati. Monga mmene tinazolowerera kuwalimbikitsa kukapimitsa HIV, tiwauzenso za sickle cell. Kupimitsa sikuthetsa cibwenzi. Kumathandiza awiriwo kulowa m'banja akudziwa, ndi kukonzekera. Akulu anati safunsa anadya phula.

Pa 19 June caka ciliconse maiko amakumbukira odwala sickle cell. Lingakhale tsiku labwino loti mphakati uliwonse muno mu Linda, ku Maramba, ku Libuyu ndi ku Dambwa ukacezere banja limene lili ndi mwana wotere, titanyamula kaufa, kasopo ndi mau olimbikitsa. Ndipo tikadzakhalanso pa benchi ya kiliniki, botolo la Septrin lili m'manja, timuuzeko mnzathu wokhala pafupi kuti mankhwalawa anatsimikizidwa ku Lusaka, ndi dokotala wa kwathu konkuno, dzina lake Chifumbe Chintu.