Kabokosi Kolamulira Pampu ya Madzi: Musakachotse



Akuluakulu amakumbukira chilala cha 1992. Cha 2024 tinachiona tonse: chimanga chinauma chisanabereke, madzi ku Kariba anatsika, magetsi nkumazima maola ambiri pa tsiku. Mipingo ina tsopano ili ndi mapampu a magetsi kapena a sola pa zitsime ndi m'madimba. Pambali pa pampu pamakhala kabokosi kamene amisiri amati kontrola. Ntchito yake ndi yotani?

Mota yolumikizidwa ku magetsi popanda kabokosika imadziwa liwiro limodzi lokha. Mlimi akafuna madzi ochepa amatsekako valavu. Madzi amachepadi, koma mota ikuthamangabe monga kale, kukankha madzi pa khomo lotseka. Kuli ngati kukwapula ng'ombe kuti zithamange uku mwamanga buleki ya ngolo.

Kabokosi kamachepetsa liwiro la mota yeniyeniyo. Pa pampu yokankha madzi ndi mapiko ozungulira, liwiro likatsika kuchoka pa 100 kufika pa 80, magetsi amene imadya angathe kutsika pafupifupi ndi theka. Komanso mota yoyatsidwa mwadzidzidzi imakoka magetsi kuwirikiza kasanu kapena kuposa, pamene kabokosi kamaiyambitsa pang'onopang'ono. Pa sola, dzuwa likakhala lofooka m'mawa kapena mtambo ukadutsa, pampu imangochepetsa liwiro m'malo moima.

Koma chenjerani pa chitsime chakuya. Liwiro likatsika kwambiri madzi safika pamwamba, mota imangozungulira pachabe. Pamenepo phindu limakhala locheperapo, ndipo malire a liwiro aike ndi mmisiri, osati aliyense wodziwa kudina mabatani.

Makontrola ambiri amazimitsanso pampu madzi akatha m'chitsime. Pa dimba lina ndinapeza atalambalala kabokosi ndi waya, ati kamavutitsa ndi kuzimazima. Unali mwezi wa October, ndipo kabokosiko kamangonena kuti madzi atsika. Pampu inazungulira youma mpaka inapsa, amayi nkubwerera ku ndowa matimati ali pamaluwa.

Inu a komiti ya madzi, ikani kabokosi pamthunzi popita mpweya, pokhoma, ndipo muzipukuta fumbi. Kakazimitsa pampu, lembani nambala imene kakuonetsa, dikirani madzi abwerere m'chitsime, ndipo vuto likapitirira itanani mmisiri.