Chiwawu Chopanda Moto: Dzina ndi Mdani wa M'madimba a ku Chilwa

Kwathu ndi kufupi ndi doko la Kachulu, kuzambwe kwa Nyanja ya Chilwa. Chaka china mbande za tomato pa nazale ya amayi anga zidagwa zonse m'masiku atatu, zitaola patsinde. Amayi adati, "Mwanawe, nthaka yatopa." Koma titafesa malo ena, n'kumathirira madzi a mumtsinje omwewo, zidagwanso. M'nkhani ino ndifotokoza za mdani wotere ndi maina amene timamupatsa.

Akatswiri amatcha gulu la tizilomboti oomycetes. Timaoneka ngati chuku cha pa nsima yogona, koma si chuku ayi. Abale ake enieni ndi mitundu ina ya ndere. Njere zake zili ndi timichira tiwiri tosambirira, choncho zimayenda m'madzi kufikira zitapeza muzu. Mtundu wa Pythium ndi umodzi mwa imene imaoletsa mbande pa nazale. Wina ndi Phytophthora, dzina lachigiriki lotanthauza "muononga zomera", limene Anton de Bary adapereka mu 1876. M'banja limeneli muli kachilombo kamene kadaononga mbatata ya kachewere ku Ireland kuyambira 1845, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi adafa pa njalayo.

Matenda omwewo akagwira masamba a tomato ife timati chiwawu, mawu ochokera ku mneni "kuwawula". Dzinali likunena zimene diso likuona, masamba onga opsa ndi moto, koma likubisa gwero. Chiwawu chimakula m'chinyontho, osati m'kutentha. Mlimi wotsata dzina akhoza kuonjeza madzi pamasamba, osadziwa kuti akuthandiza mdani.

Nanga ofufuza amadziwa bwanji mitundu imene ili mumtsinje? Amachita ngati msodzi wa mono. Amaika masamba athanzi m'kathumba ka ukonde, n'kukasiya m'madzi masiku angapo ngati nyambo. Masamba akachita mawanga, amadula pamenepo, kumeretsa tizilomboto m'mbale zapadera, kenaka kupima DNA yake. Akatero kumtunda, pakati ndi kumathero kwa mtsinje, nyengo yadzinja ndi yachilimwe, amaona pamene mtundu uliwonse ukulowera.

Kafukufuku wotere ngwoyenera kwathu. Likangala amachoka m'phiri la Zomba, kudutsa mumzinda, m'madimba ndi m'sikimu ya mpunga asanathire m'nyanja. Domasi nayenso amathirira sikimu yake. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ikaphwa, monga mu 1995 ndi 2018, mabanja a asodzi amathawira kumadimba. Apo nazale ikagwa, ndiwo ndi ndalama zagwera limodzi.

Pomaliza, ndikuona kuti ife ophunzira chiyankhulo tili ndi gawo lathu. Wasayansi akapeza kachilomboko, mlangizi adzafuna mawu oti amayi anga amve kuti matendawa amasambira. Akamva, adzakweza mabedi a nazale, adzachepetsa kuthirira ndiponso adzasiya madzi odikha a m'zithaphwi.