Mlomo Waukulu pa Ntchito Yaikulu

Kuno ku Maravia tonse timadziŵa mmene amayi amaumbira mbiya. Amapota dothi, nalisanjika mzere pamwamba pa mzere. Mizere ikakhala yonenepa, mbiya imakwera msanga.

Masiku ano pali makina amene amaumba chimodzimodzi. Amatchedwa makina a 3D. Ena ndi aang'ono, oika patebulo m'nyumba. Kompyuta imawauza chinthu choti aumbe. Iwo amasungunula pulasitiki pa madigiri pafupifupi 200. Pulasitikiyo imatulukira pa kamlomo kachitsulo, nkumasanjikana mzere ndi mzere.

Makina ambiri amagulidwa ndi kamlomo ka bowo la mamilimita 0.4. Mzere wake umakwera mamilimita 0.2 okha. Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Chidebe chotalika masentimita 20 chifuna mizere 1,000. Tikaika mlomo wa mamilimita 0.8, mzere ukwera mamilimita 0.4. Pamenepo mizere ikhala 500 basi. Mzerewo ndi wotakatanso kaŵiri. Khoma limene makina akanalizungulira kaŵiri, alizungulira kamodzi. Ntchito itha msanga, ndipo makina sakhala pa magetsi nthaŵi yaitali.

Koma tichenjere, anzathu. Kuthamanga sikufika. Mlomo waukuluwu umatulutsa pulasitiki yochuluka kanayi. Moto ukachepa, pulasitiki siisungunuka bwino. Mizere siigwirana, ndipo chidebe chimadontha. Tataya pulasitiki, tataya ndalama. Choncho tiwonjezere moto pang'ono, kapena tichepetse liŵiro la makina. Tisaiŵalenso kuuza kompyuta kukula kwa mlomo watsopano.

China nchakuti mizere yonenepa imaoneka, ndipo chinthu sichisalala. Zilembo ndi tinthu ting'onoting'ono zimafuna kamlomo kakang'ono. Mlomo waukulu tiusungire zidebe, mabokosi ndi miphika ya mbande.

Nzeru yomweyi yafika pa ntchito yomanga. Kwa anansi athu ku Malaŵi, kampani ya 14Trees inamanga sukulu m'boma la Salima ndi makina aakulu a 3D. Mlomo wake unkatulutsa konkire m'malo mwa pulasitiki. Makoma anatha m'maola 18.

Tisankhe mlomo molingana ndi ntchito, monga woumba amapotera dothi molingana ndi mbiya.

Mafunso

1. Kodi chidebe cha masentimita 20 chifuna mizere ingati pa mlomo wa 0.8?
2. Tichite chiyani moto ukachepa?
3. Ndi ntchito ziti zimene zimafuna kamlomo kakang'ono?