Nsato si chiweto: mangani khola loti isalowe

Ngati muli ndi foni ya intaneti, kapena mwana wanu ali nayo, mwina munaonapo pa Facebook kapena TikTok anthu a ku Ulaya ndi ku America atakoleka njoka m'khosi ngati mpango, ena akuigoneka m'bokosi lagalasi pabalaza. Wachinyamata akaona zotere atha kuganiza zogwira kamwana ka nsato kudambo, n'kukasunga mu diramu kuti mawa adzagulitse. Koma inu alimi a ku Chulu, Santhe, Chamama ndi Nkhamenya nsato mumaidziwa mwanjira ina. Mumaidziwa chifukwa cha thadzi lomwe linasowa usiku likufungatira mazira, kapena kamwana ka mbuzi komwe sikanabwereko kudambo.

Khola lofunika pakhomo panu si losungiramo nsato ayi, koma loiletsa kufika pa ziweto zanu. Mukalimanga bwino, nkhuku zanu zipulumuka, ndipo nsatoyo ipitiriza ntchito yomwe imakugwirirani kumunda popanda malipiro.

Njoka ya pa foni ija si ya kuno

Njoka yomwe anthu ambiri akunja amaweta amaitcha ball python, chifukwa ikaopa imadzipinda ngati mpira n'kubisa mutu pakati. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo zambiri zomwe zimagulitsidwa kunja zimachokera ku Ghana, Togo ndi Benin. Kuno ku Malawi kulibe. Ndi yaing'ono, nthawi zambiri siipitirira mita imodzi ndi theka, komanso ndi yofatsa.

Ngakhale ili yofatsa choncho, kuisunga si masewera. Njoka siitenthetsa thupi lake yokha monga imachitira nkhuku kapena mbuzi, imadalira kutentha kwa malo omwe ili. Choncho woweta amagula bokosi lotseka bwino, n'kuikamo chotenthetsera chamagetsi kuti mbali imodzi izifunda madigiri pafupifupi 31, mbali inayo izikhala yozizirirapo, cha m'ma 26. Amaikamo mobisala muwiri, mbale ya madzi, ndi chipangizo choyezera chinyezi, chifukwa mpweya ukauma kwambiri njokayo imalephera kufundula bwino. Chakudya chake ndi makoswe oweta osungidwa mu filiji, kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Ndipo imatha kukhala ndi moyo zaka 20 mpaka 30, kutanthauza kuti woigula wadzisenzetsa katundu wa theka la moyo wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: siiikira dzira loti mudye, siipereka manyowa, siilipira fizi.

Nsato yathu ndi nkhani ina

Nsato ya kuno ndi njoka yaikulu kuposa zonse m'dziko muno. Imabadwa yotalika kupitirira pang'ono theka la mita, koma ikakula imafika mamita atatu kapena anayi, ina mpaka asanu. Ilibe ululu wakupha. Imagwira nyama ndi mano, n'kuikulunga ndi kuifinya mpaka itafa, kenaka n'kuimeza yathunthu kuyambira kumutu. Pamilomo pake pali timaenje tomwe timamva kutentha kwa thupi la nyama, n'chifukwa chake imapeza nkhuku m'khola ngakhale kuli mdima wa ndiweyani. Imakwera mitengo, imasambira, ndipo imakonda kukhala pafupi ndi madzi: m'madambo, m'mabango a m'mbali mwa mitsinje monga Bua, Rusa ndi Dwangwa, m'miyala, m'ziulu ndi m'maenje omwe nungu zinasiya.

Yaikazi imaikira mazira nyengo yotentha, nthawi zambiri pakati pa 30 ndi 50, ndipo imawazinga ndi thupi lake mpaka ataswa pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Ndiye mukaona timiyana tambiri pamalo amodzi nthawi ya dzinja, dziwani kuti make sali patali.

Nyama yotereyi siingasungidwe mu diramu kapena m'thumba la feteleza. Imafa ndi kutentha, ludzu kapena zilonda, ndipo ikapulumuka, pakatha zaka zochepa imakhala yoposa mphamvu za munthu mmodzi. Komanso malamulo salola. Nsato ndi nyama yotetezedwa, ndipo lamulo la nyama zakutchire la 1992, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kugwira, kusunga kapena kugulitsa nyama zotetezedwa, zikopa zake ngakhale ziwalo zake popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Malonda a nsato pakati pa maiko amalamulidwanso ndi pangano la CITES lomwe Malawi analowamo. Wina akakunyengererani kuti mumugwirire nsato, kapena kuti mumusungire chikopa ndi mafuta ake, dziwani kuti apolisi akafika wopezeka nazo m'manja ndi inu, osati iye.

Chomwe chimaiitana pakhomo

Nsato siibwera pakhomo chifukwa yatumidwa ndi munthu. Imatsata zinthu zitatu: chakudya, pobisala ndi madzi. Chakudya chake chenicheni ndi makoswe, mbewa, ntchenzi, akalulu, mbalame ndi agwape ang'onoang'ono. Ntchenzi zomwe zimagwetsa chimanga ndi nzimbe kudimba, ndi makoswe omwe amaboola matumba m'nyumba, ndizo ndiwo zake. Nkhuku imadyedwa chifukwa nsato inabwera ikulondola fungo la makoswe, n'kupeza chitseko chili pululu.

Tsono yang'anani pakhomo pa mlimi wa fodya. Pali mulu wa nkhuni zowotchera fodya womwe wakhala miyezi osasunthidwa. Pali chigafa chomwe chagwa mbali imodzi udzu uli mbwee. Pali mapesi ndi mitengo ya fodya younjikidwa kuseri kwa nyumba, njerwa zomwe zikudikira chaka chomanga, ndi gaga wotayika pafupi ndi khola. Zonsezi ndi nyumba za makoswe, ndipo pomwe pali makoswe njoka siichedwa. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala, pomwe mukuthirira nazale m'mbali mwa dambo, ndi nthawi yomwenso kunja kwatentha ndipo njoka zayamba kuyendayenda. Apa m'pomwe mumakumana nazo kawirikawiri.

Kamangidwe ka khola la nkhuku

Sankhani malo oyera, osachita chithaphwi, otalikirana ndi nkhokwe, chigafa ndi mulu wa nkhuni. Pasakhale nthambi ya mtengo yogunda denga, chifukwa imeneyo ndi mlatho wa njoka.

Khola likhale lam'mwamba, mita imodzi kuchoka pansi. Pa mzati uliwonse vekani lata lopindidwa ngati chipewa choyang'ana pansi, monga timachitira ndi nkhokwe, kuti khoswe akakwera azibwerera pomwepo. Makwerero a nkhuku muzichotsa madzulo zonse zikalowa. Koma musadalire kutalika kokha, poti nsato yaikulu imakwera mzati mosavuta. Chitetezo chenicheni chili pa kutseka mipata.

Lamulo lake ndi ili: pomwe chala chanu chalowa, kanjoka kalowanso, ndipo pomwe mutu wa nsato wadutsa, thupi lonse lidutsa. N'chifukwa chake m'mawa mumaipeza ili m'khola momwemo. Inalowa ili yopyapyala, itameza nkhuku yalephera kutuluka. Waya wankhuku wamaso akuluakulu uja amatchinga nkhuku kuti zisatuluke, koma satchinga makoswe ndi njoka zing'onozing'ono. Gulani waya wa sefa wolimba yemwe maso ake sapitirira sentimita imodzi, ndipo mukhomereni mothinana, makamaka m'makona.

Ngati ndalama ya waya wa khola lonse palibe, lukani zipupa ndi nsungwi kapena timitengo mothithikana, mumate ndi dothi, n'kusiya mawindo awiri oyang'anizana oti mphepo izidutsa. Mawindowo ndi omwe mutseke ndi sefa. Musamate khola lonse osasiya popumira, chifukwa mudzapulumutsa nkhuku ku njoka n'kuzipereka ku kutentha ndi matenda a chifuwa.

Malo awiri omwe ambiri amaiwala ndi pakati pa chipupa ndi denga, komanso pansi pa chitseko. Mpata wa kudenga utsekeni ndi sefa kapena dothi. Chitseko chikhale chokwana bwino m'felemu mwake, chokhala ndi chokowera, osati chotsekera ndi mwala. Kuti mutsimikize, dikirani kude, muike tochi yoyaka m'kati mwa khola, mutseke, n'kuzungulira kunja. Paliponse pomwe kuwala kwatulukira ndi khomo la njoka. Chitani zimenezi mwezi ndi mwezi, popeza chiswe ndi mvula zimatsegula mipata yatsopano.

Mbuzi, akalulu ndi nkhunda

Mbuzi yaikulu nsato siiivutitsa kawirikawiri, koma ana a mbuzi ndi omwe ali pachiopsezo. Khola la mbuzi likhale lam'mwamba, mipata ya pansi ikhale yongokwana kudutsa zitosi, ndipo m'kati mupatule kachipinda kotseka bwino ka ana ongobadwa kumene. Musamangirire mbuzi yoyamwitsa m'bango kapena pafupi ndi chulu chamaenje n'kuisiya tsiku lonse, chifukwa yomangidwa siithawa. Akalulu oweta, mbira ndi nkhunda zimafuna sefa yemweyo mbali zonse, pansi pomwe. Nkhunda mukaziika pamtengo wam'mwamba, vekani lata pa mzati wake.

Ukhondo wa tsiku ndi tsiku

Tchetchani udzu mamita asanu kapena kuposerapo kuzungulira khola ndi nyumba, ndipo muzisesa. Njoka imaopa kudutsa poyera chifukwa imaonekera kwa adani ake. Nkhuni ziikeni pathandala, osati pansi, ndipo zikhale kutali ndi ziweto. Zigafa zomwe zatha ntchito zipasuleni fodya akangopita ku okushoni. Nkhuku zidyetseni m'mawa ndi masana, chakudya chotsala muchotse dzuwa lisanalowe. Gaga ndi chimanga sungani m'chidebe chotseka. Tolerani mazira tsiku lililonse, ndipo thadzi lofungatira musalisiye kutchire kapena kuseri kwa bafa, lilowetseni m'khola.

Makoswe athaneni ndi misampha, madiwa ndi mphaka. Samalani ndi mankhwala a makoswe, chifukwa khoswe wofa ndi poizoni amaphanso mphaka, galu, nkhuku ndi kadzidzi yemwe amakuthandizani usiku. Ndipo musataye ndalama ndi nthawi kuthira oilo wakutha kapena palafini kuzungulira khola, kapena kuwotcha matayala. Zimenezi siziletsa njoka yanjala, zimangowononga nthaka ndi madzi a pachitsime.

Mukaipeza muchite chiyani

Choyamba chotsani ana ndi agalu, ndipo inu muime patali mamita asanu kapena kuposa. Ngati ili panja, isiyireni njira, imachoka yokha phokoso likatha. Ngati yatsekeredwa m'khola, tulutsani ziweto zotsala ngati n'kotheka popanda kuiyandikira, tsekani chitseko, ndipo dziwitsani amfumu, alangizi a zaulimi kapena a gemu. Alimi oyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, yomwe ndi yachiwiri kukula m'dziko muno pambuyo pa Nyika, muli ndi mwayi woti alonda a nyama muli nawo pafupi. Sungani nambala zawo mu foni lero, osadikira tsiku la tsoka. Ku Lilongwe kulinso bungwe la Lilongwe Wildlife Trust lomwe limagwira ntchito ndi boma populumutsa nyama zakutchire.

Nsato yomwe yameza kale chiweto musalimbane nayo. Mukaigenda imasanza chomwe yameza kuti ithawe, koma nkhuku yanu siidzukanso. Ndipo ngakhale ilibe ululu, mano ake ndi akuthwa, opindikira m'kati, ndipo amang'amba mnofu. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri, apsinje ndi nsalu yoyera, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamuone ndi kumuteteza ku kafumbata. Ikakulunga munthu, itanani anzanu ndipo muyambe kuimasula kuchokera kumchira.

Chenjezo lalikulu ndi ili, ndipo muwauze ana anu: kamwana ka nsato ndi mphiri zimasokoneza anthu ambiri. Mphiri ndi yaifupi, yonenepa, yamutu waukulu wambali zitatu, khungu lake ndi lokhakhala ndipo pamsana ili ndi mizere yooneka ngati chilembo cha V. Nsato ndi yaitali, yosalala, yamawanga akuluakulu. Koma muudzu kapena madzulo kusiyana kumeneku sikuoneka bwino, ndipo ululu wa mphiri umatupitsa ndi kuwoletsa mnofu mpaka munthu kudulidwa dzanja kapena kufa kumene. Njoka iliyonse isagwiridwe ndi manja. Wina akalumidwa ndi njoka yomwe simukuidziwa, musamange chingwe, musateme mphini, musayamwe bala. Muvuleni mphete ndi zibangili, asayende yekha, ndipo munyamuleni msanga kupita kuchipatala chapafupi, kaya ndi chachikulu cha pa boma la Kasungu, cha Nkhamenya kapena cha St Andrew's ku Mtunthama.

Nthawi yabwino yomanga

Nthawi yabwino yokonza makola ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pomwe ndalama za fodya wa ku Chinkhoma zili m'thumba, udzu ndi nsungwi zauma, ndipo njoka zafooka ndi chisanu. Pa bajeti yanu ya feteleza, mbewu ndi fizi, ikanipo mzere wa sefa, misomali ndi lata limodzi. Ngati muli mu kalabu, sonkhani mugule mpukutu umodzi wa waya n'kugawana, zimatsika mtengo kusiyana ndi kugula mita imodziimodzi. Werengerani nkhuku ndi anapiye omwe munataya chaka chatha kwa njoka, likongwe, vumbwe ndi makoswe, muone ngati mtengo wake sukuposa wa waya. Khola lomwe laletsa nsato laletsanso onsewa, ndipo Okutobala akamafika lidzakhala litakonzeka kale.