Safunsa Anadya Phula: Ana a ku Chifunde Aphunzire Kusefa Nkhani

M'boma la Chifunde nkhani sizichedwa kufika. Pa wailesi imodzi yomweyo banja limamva Rádio Moçambique ya ku Tete, likapotoza pang'ono limamva MBC ya ku Malawi kapena mawailesi a ku Chipata, ndipo onsewa amalankhula chinenero chimene mwana amamva. Nkhani zina zimadza ndi oyendetsa malole pa msewu wa ku Cassacatiza, zina ndi ogula mbewu, pamene zambiri masiku ano zikulowa pa foni kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Kawirikawiri amene amatumidwa kuwerengera agogo uthenga wa pa foni ndi mwana wa sukulu. Choncho mwanayo ndiye khomo limene nkhani, yoona kapena yabodza, imalowera m'nyumba.

Chigawo cha Tete chikudziwa kale kuwawa kwa mphekesera. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa pombe pa maliro. Posakhalitsa mbiri inawanda yakuti wina anathira ndulu ya ng'ona mu mowawo, ndipo ngakhale manyuzipepala a maiko akutali analemba zomwezo. Koma mu Novembala chaka chomwecho Unduna wa Zaumoyo unalengeza zimene akatswiri anapeza atapima: poizoni anachokera ku tizilombo totchedwa Burkholderia gladioli, timene tinamera mu ufa wa chimanga wowonongeka. Kwa miyezi yonseyo anthu ankayang'anana ndi diso lokayika, pamene chenjezo lofunika linali lakuti ufa wovunda usafululidwe mowa.

Ku Malawi nako, mu 2017, mphekesera za anamapopa zinagwedeza maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa pongowaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena kaamba ka mantha. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anatsimikizidwa.

Nanga sukulu ingathandize bwanji? Mpata ulipo kale. Kuyambira 1993 mpaka 1997 ntchito yoyesera ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chishangani ku Gaza, ndipo mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba kulowa m'sukulu za boma. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale ya 2004 inapatulanso gawo limodzi mwa magawo 5 a nthawi ya m'kalasi kuti ana aziphunzira za m'dera lawo. Mphunzitsi wofuna kuphunzitsa ana kusefa nkhani sasowa podzera, ndipo safunika kompyuta kapena magetsi.

Phunziro loyamba ndi sewero. Mphunzitsi anong'oneze mwana mmodzi kuti mbuzi ziwiri za amfumu zalowa m'dimba, ndipo ana anong'onezane mpaka kwa wotsiriza. Pofika kumapeto mbuzi zija zimakhala zitachuluka, mwinanso zitasanduka ng'ombe. Ana amaseka, koma amaona okha kuti nkhani imakula poyenda ngakhale palibe amene anafuna kunama.

Phunziro lachiwiri ndi la mafunso atatu amene mwana ayenera kuloweza monga amalowezera masamu. Wanena ndani? Kodi anaona yekha, kapena naye anangomva? Ndaninso wina akunena zomwezo? Ana a makalasi apamwamba angathe kumvera nkhani imodzi pa mawailesi awiri madzulo, n'kudzafanizitsa m'mawa. Ayeneranso kudziwa kuti mtengo wa feteleza kapena tsiku la katemera lolengezedwa ku Lilongwe kapena ku Chipata ndi la anthu a kumeneko, ndipo za kuno amafunsa ku chipatala chapafupi kapena kwa alangizi a zaulimi. Chithunzi cha pa foni nacho chingakhale chakale kapena cha dziko lina, ndipo uthenga wolamula kuti utumizidwe msanga kwa anthu ambiri ndi woyenera kuukayikira koposa.

Vuto lalikulu lili kunyumba. Mwana akafunsa mkulu kumene wamva nkhani, ena amati ndi mwano. Apa makolo, mafumu ndi makomiti a sukulu ayenera kumvana kuti mwana wofunsa mwaulemu sakunyoza, koma akuteteza mudzi. Akuluakulu omwewo ndiwo anati safunsa anadya phula, ndiponso m'mera mpoyamba. Mwana amene waphunzira kufunsa ali m'kalasi yachitatu, akadzakula sadzathamangira kutola mwala chifukwa chongomva kuti mlendo wafika ndi botolo lachilendo, ndipo sadzabisa mwana wake tsiku la katemera chifukwa cha uthenga wopanda mwini.