Ngati akufa ndiwo amabadwanso, anthu oonjezereka akuchokera kuti?

Kalembera wa 1966 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa pang'ono 4 miliyoni, pomwe wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Padziko lonse chiwerengero chinafika 8 biliyoni mu Novembala 2022. Kuchulukana kotereku kumadzutsa funso pa chiphunzitso cha Chibuda, chipembedzo chomwe kuno chimadziwika kwambiri chifukwa cha malo olerera ana amasiye a Amitofo ku Blantyre: ngati wobadwa aliyense anakhalapo kale, oonjezerekawa akuchokera kuti?

Abuda amayankha kuti funsoli limalakwitsa powerenga anthu okha. Buddha, yemwe anaphunzitsa kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ankati zamoyo zimazungulira m'kubadwa ndi kufa, kuzungulira kotchedwa samsara. Mmenemo muli zigawo zingapo: milungu, anthu, nyama, mizimu yanjala ndi okhala kumalo a mazunzo. Chimene chimasankha kobadwira ndi karma, kutanthauza zochita zadala za wamoyoyo ndi zipatso zake. Choncho khanda la lero likhoza kukhala kuti linali nyama, kapena linali kudziko lina, pakuti mabuku awo amanena za maiko osawerengeka.

Chitsanzo chapafupi chili ku Lisasadzi m'boma la Kasungu. Minda ikuluikulu ya fodya itakula m'zaka za m'ma 1970, matenanti ambiri anafika m'zigwa za Kasungu kuchokera kummwera. Wowerenga anthu a dera lokhalo akadadabwa ndi kuchuluka kwawo, koma wodziwa za Mulanje ndi Thyolo akadaona kuti anthuwo angosamuka. Abuda amaliona choncho dziko la anthu: ndi mudzi umodzi pakati pa midzi yambiri.

Kuonjezera apo, iwo savomereza kuti muli mzimu wosasintha umene umachoka m'thupi lina kulowa m'linzake. Amayerekeza ndi nyali yoyatsa inzake: lawi lachiwiri si loyamba lija, komabe lachokera kwa ilo. Apa amasiyana ndi Achewa, omwe amati womwalira amakhala mzimu wa makolo woyang'anira mbumba yake.

Nkhaniyi imakhudzanso kulera. Chibuda chilibe lamulo loti anthu achulukane, ndipo aphunzitsi ake ambiri saletsa njira zopewera pathupi, ngakhale amatsutsa kuchotsa mimba. Ku Thailand, komwe Abuda ndi ochuluka zedi, mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi asanu ndi mmodzi m'zaka za m'ma 1960, koma lero safika awiri.